Chidyamtunda wa kwa Magodi

Tindi! Tindi! Tindi-ndi-ndi! Wambani ng'oma pamoto, anyamata, chikopa chikungike. Matani phula pamimba pa mbalule kuti mawu ake akamveke kutsidya kwa dambo. Mpanje uyambe, gunda avomere, ndipo inu amayi konzani manja ndi nthungululu. Ndayamba ndagwada pamaso pa mfumu yaikulu Magodi, mwini dziko, amene chaka ndi chaka amasonkhanitsa Angoni ndi Atumbuka ku Emusa pa mwambo wa Zengani. Ndawomba m'manja kwa nduna ndi kwa eni midzi. Monire mose, inu eni Chitumbuka amene munandimwetsa madzi ndili paulendo. Ine ndiimba m'Chichewa chimene ndinayamwira, ndipo ndikudziwa kuti mundimva. A Phiri, a Banda, a Mwale, a Nyirenda, a Zimba, a Ndhlovu, sendezani mipando kufupi. Ng'oma ya lero ndi ya njinga yakapalasa, ndi ya njira zimene njingayo imadya, ndi ya anthu amene amaipalasa. Ng'oma ilire!

Iwe Njinga! Chidyamtunda! Mlawira-tambala-asanalire! Bulu wachitsulo wosapempha gaga! Ng'ombe yopanda khola, yogona m'nyumba limodzi ndi mwini wake, yotsamira khoma pafupi ndi thumba la mbewu! Iwe wosamwa petulo, mafuta ako ndi nsima ya mkute ndi thobwa la m'chigubu. Msenza-osadandaula! Mlowa-pothina! Iwe wodziwa njira imene galimoto imaiopa, wopitirira pamene ngolo yabwerera, wowoloka pa mlatho wa mitengo iwiri. Pamchenga umatsitsa aliyense, mphunzitsi ndi mlimi yemwe, onse akukankhe thukuta lili kamukamu. Pamtsetse umawabwezera mphamvu zawo zonse, masipoko ali ng'ani ng'ani, mphepo ikulira m'makutu. Mwini belu loti ngiri ngiri, limene ana amalizindikira lisanatulukire pakhonde, n'kuthamanga akufuula kuti atate afika! Iwe amene unaperekeza mkwatibwi, unanyamula uthenga wa maliro, unakatenga mchere ku boma n'kubwera dzuwa lisanalowe. Ng'oma ilire, njinga imve dzina lake!

Wotamanda mwana amayambira kwa makolo ake, choncho ndikutchulira mtundu wako. Ndiwe mdzukulutuvi wa kavalo wamtengo wa Karl von Drais wa ku Germany, wa chaka cha 1817, wopanda mapedulo, woyenda mwini wake akukankha pansi ndi mapazi. Ndiwe mdzukulu wa Rover wa John Kemp Starley wa ku Coventry, wa 1885, amene anachepetsa chigudumu chakutsogolo chogwetsa anthu chamutu, namangirira tcheni ku gudumu lakumbuyo. Nsapato zako za mpweya anakuveka ndi John Boyd Dunlop ku Belfast mu 1888, pochitira chifundo mwana wake amene ankagwedezeka mafupa pa kanjinga ka magudumu atatu. Kwathu kuno unafika ndi agogo athu obwerera ku migodi ya ku Kitwe ndi ku Joni, ndi ochokera m'mafamu a fodya a ku Southern Rhodesia. Unafika uli wakuda bii, wonyezimira, dzina lako Humber, dzina lako Raleigh, mudzi wonse n'kutuluka kudzakukhudza. Kenaka unabadwira pakhomo penipeni: Eagle, chiwombankhanga cha ku Luangwa Industries ku Chipata, mzinda wa njinga. Lero wabwera ndi dzina la Buffalo, njati ya bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005, njati ya kaliyala yosenza makilogalamu 100 popanda kupindika msana. Mtundu wonsewu uimirire! Ng'oma ilire!

Ndikutamandanso iwe chitsirizira wa m'banjamo, njinga ya m'mapiri, wa matayala onenepa a mano ngati a ng'ona, wa magiya ambiri, wa masipuling'i omeza mabampu. Unabadwira kufumbi la ku Marin County ku California, kumene mu 1976 anyamata anayamba kupikisana potsetsereka phiri pa njinga zakale. Buleki ya m'habu inkatentha mpaka girisi kupserera, ndipo akafika pansi ankayenera kuthiramo wina; mpikisanowo n'kuutcha Repack. Joe Breeze anakuwotcherera fulemu yakoyako mu 1977, Specialized inakuika m'masitolo ndi dzina la Stumpjumper mu 1981, ndipo mu 1996 unalowa masewera a Olympics ku Atlanta. Ku South Africa, kuyambira 2004, okukwera amathamanga awiriawiri masiku asanu ndi atatu pa mpikisano wa Cape Epic, kudutsa m'mapiri, m'mbali mwa madamu ndi pakati pa mizere ya mpesa ya ku Western Cape. Takulandira, mwana wa kutali. Koma khala pansi umve: zimene iwe unaphunzira mu 1976, akulu ako akuda a giya imodzi anali akuzichita kale kuno kwa Magodi, atasenza chimanga kumbuyo ndi mwana pafulemu. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Bwera tiyendere pamodzi, uone njira zathu. Ng'oma ilire!

Iwe Njira ya kwa Magodi! Njoka yofiira yogona pakati pa midzi! Mkanda wolumikiza chitsime ndi chigayo, tchalitchi ndi msika, sukulu ndi manda! Palibe anakujambula papepala, unalembedwa ndi zidendene ndi matayala. Ndikuyambira ku boma la Lundazi, pa nyumba yachifumu ya njerwa zofiira ija ya nsanja zozungulira, imene bwanamkubwa wa boma Errol Button anayamba kumanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, nyumba yodziyang'anira nkhope m'madzi a damu. M'mawa nkhungu imakhala ili tolo pamwamba pa madziwo, akakowa ataima m'mphepete ngati anthu odikira mlandu. Pamenepo ndipopa matayala, ndimanga chigubu, ndiloza kumpoto mumsewu wa ku Chama. Msewu waukulu ndi wa malole ndi fumbi lawo. Ine ndipatuka msanga, ndilowa mwa iwe, kanjira kopapatiza ngati lamba, kamene udzu wake umakwapula miyendo ndi mame. Iwe wondidutsitsa kuseri kwa nkhokwe, pakati pa mbuzi zogona, pafupi ndi mayi wosinja amene amaimitsa munsi kuti ayankhe moni. Iwe wondifikitsa ku Emusa ndi ku mishoni ya Chasefu, dzina limene linakhala la boma latsopano mu 2018. Ng'oma ilire, njira imve!

Iwe Nkhalango ya miombo! Chofunda cha dziko! Ambulera ya apaulendo! Mwini mombo wopatsa luzi, mwini msuku wogwetsa zipatso m'njira nthawi ya dzinja, mwini mlombwa wolira magazi akautema, mwini muwanga wolimba wosadyeka ndi chiswe! Mu Juni ndi Julaye umandilandira ndi mphepo yozizira, masamba ouma ali tswatswatswa pansi pa tayala. Mu Seputembala umavala masamba atsopano ofiira ngati moto mvula isanagwe n'dontho limodzi, phiri lonse n'kukhala psuu. Mvula ikagwa umatulutsa bowa m'tsinde mwa mitengo, ndipo wopalasa amaima, n'kudzaza chipewa. Nkhwali imadumpha njira ili pyoo, nkhanga zimathamanga patsogolo pa gudumu zisanakumbukire kuti zili ndi mapiko. Uli ndi ukali wakonso, mayi iwe: mizu yako imadumphitsa wosasamala, chitedze chako chimaphunzitsa mlendo kuyenda pakati pa njira, linthumbu lako limavinitsa ndi wamkulu yemwe. Wokuyenda modekha ndiye umamuonetsa maso a nkhono. Ng'oma ilire!

Iwe Dambo! Mphasa yobiriwira! Bere la mitsinje yotsikira ku Luangwa! Minda ya mpesa ija ndi ya ku Western Cape. Ife mizere yathu ndi ya m'dimba, ya tomato womangirira kumitengo, ya repu, ya anyezi, ya nzimbe ndi nthochi zotchinga mphepo. Kumtunda kwako kuli mtedza, soya, mpendadzuwa woyang'ana kum'mawa, thonje loyera mbee ngati dziko lafunda nsalu, ndi zigafa za fodya. Potsikira kwa iwe ndi pamene wopalasa amadziwika. Amabwerera m'mbuyo pasadulo, amayamba kugwira buleki yakumbuyo, yakutsogolo amangoisisita, maso ali patali pamene akufuna kupita. Akafika pamchenga wa mumtsinje wouma sakhotetsa handulo, sasiya kupalasa, amalola gudumu lisambire lokha. Mu Febuluwale dothi lako lakuda limamata tayala ndi madigadi mpaka gudumu kukana kuzungulira, munthu n'kuthyola kamtengo, n'kumakokota matope akuseka, pakuti walira mvula walira matope. Madzi akadzaza, wonyamulidwa uja amasanduka wonyamula: njinga paphewa, buluku m'mwamba, phazi likufufuza mwala. Ng'oma ilire, madzi amve!

Ndiponye mawu kum'mawa, kwa abale athu a tsidya la malire, pakuti Angoni a kwa Magodi ndi a kwa M'mbelwa ku Mzimba ndi mphika umodzi umene mzere wa atsamunda unaudula pakati. Wa miyendo yolimba atuluke pachipata cha Lusuntha, chiphaso chili m'thumba, alowere ku Mzimba ndi ku Rumphi. Iwe Kazuni, nyanja ya ku Vwaza, bwalo la mvuu, chitsime cha njovu nthawi ya chilimwe! Iwe Nyika, denga la dziko, paki yoyamba ya Malawi ya chaka cha 1965, phiri logawika pakati pa mayiko awiri, losunga nkhalango ya Chowo kumbali ya Zambia! Kumeneko ku Chelinda, pakati pa mitengo ya paini ndi madamu ozizira, alendo amakwera njinga za m'mapiri mbidzi ndi nchefu zikuwayang'ana, nyanja yaing'ono ya Kaulime ili duu pakati pa udzu. Kum'mwera nako, a ulendo wa Tour d'Afrique, umene unayamba mu 2003 kuchokera ku Cairo mpaka ku Cape Town, akhala akudutsa pa Chipata miyendo ili phuliphuli ndi fumbi la mayiko ambiri. Nkhalango tili nayo, madzi tili nawo, mapiri atizungulira. Ng'oma ilire, amve ndi akutali!

Tsopano nditamande eni ake a njira. Iwe mlimi, Mmanga-ndi-malegeni, amene umakweza matumba awiri a makilogalamu 50, lina pakaliyala lina m'kati mwa fulemu, n'kukankha mpaka kudepoti yogula chimanga ya FRA! Iwe mayi wa dengu la tomato, chitenje chomangidwa bwino kuti chisakodwe m'tcheni, mwana ali kumsana akugona ndi kugwedera kwa njira! Iwe wochokera kuchigwa ndi nsomba zouma ndi mpunga wa ku Chama, wokwera chitunda tsiku lathunthu, wogona pakhonde la anthu osawadziwa! Iwe wa kabaza, wopetera khushoni ndi ulusi wofiira, wodziwa dzina la mudzi uliwonse! Iwe wazaumoyo wongodzipereka, wonyamula buku ndi mankhwala kupita kwa wodwala amene ena anamuiwala! Iwe katekisiti, iwe mkulu wa mpingo, wofika Lamulungu m'mawa buluku litapanidwa ndi chopanira kukakolo! Ndi iwe mtsikana wa sukulu, Mthamangitsa-belu, amene kale unkafika phunziro loyamba litatha, miyendo itatopa, maso akulemera, lero umafika uli ndi mphamvu zokweza dzanja! Amayi, nthungululu zili kuti? Ng'oma ilire!

Gunda atsike pang'ono, nditamande sing'anga wa njinga, mmisiri wa pansi pa mtengo wa mango. Chipatala chake ndi chiguduli choyala pansi, bokosi la masipanala, pampu ndi beseni la madzi. Ndamuona ndi maso angawa. Amagoneka njinga chagada, sadulo pansi, miyendo m'mwamba. Amatsegula tayala ndi tizitsulo tiwiri tophwatalala, n'kusolola chubu ngati matumbo a nkhuku. Amapopa pang'ono, amamiza m'beseni chigawo ndi chigawo, onse ozungulira ali chete, mpaka tithovu titayamba kukwera, tuwi tuwi tuwi. Pabowopo amalasapo kamtengo ka machesi kuti pasasowe. Amapukuta, amapala mpaka labala ichite mbuu, amapaka sulushoni ndi chala, n'kudikira. Wachangu amati matani msanga, iye amangouzira mpweya, pakuti chigamba chomata pakadali ponyowa sichifika kumudzi. Akamata chigamba chodula kuchubu chakale, amayendetsa chala m'kati mwa tayala mpaka atapeza munga wa mthethe umene unayambitsa mlandu, n'kuuonetsa kwa mwini njinga. Limu yopindika amaiwongola ndi khutu: amakodola sipoko iliyonse ngati chingwe cha bangwe, yolira mofooka amaikunga. Mchiritsa-zopunduka! Mdzutsa-zakufa! Wopanda iwe, theka la njinga za kwa Magodi zikanakhala zogonapo nkhuku. Ng'oma ilire!

Ine ndili ndi ngongole kwa njinga, ndipo ndiinena pano pabwalo. Usiku wina wa dzinja mlongo wanga anayamba kumva kupweteka kwa kubereka nthawi isanakwane. Galimoto kunalibe, ndipo ikanakhalapo sikanawoloka. Alamu anga anamanga pilo pakaliyala ndi malegeni, tinamukhazika chammbali, iye atakumbatira sadulo. Alamu anagwira handulo, ine ndinakankha kumbuyo, azakhali anatsogola ndi tochi yofooka. Palibe anapalasa usiku umenewo. Njinga inali machira oyenda. Lumbe ankadzuka m'njira pafupi ndi mapazi athu, achule ankasokosera dambo lonse. Pamtsinje madzi anafika m'mawondo, ndipo ndinamva gudumu likutsetsereka pamwala, mtima wanga n'kuima, koma chitsulo chinagwira. Azakhali ankangoti limba mwanawe, tafika, chonsecho tinali tisanafike ndi pakati pomwe. Tinalowa pachipatala chaching'ono kum'mawa kukuyera, ndipo dzuwa potuluka kunamveka kulira kwa mwana wamkazi. Mwana ameneyo lero amapita kusukulu pa njinga. Ndikamva belu lake, ndimakumbukira mwala uja. Ambulansi ya amphawi! Mpulumutsa-awiri-paulendo-umodzi! Ng'oma ilire, misozi igwe ya chimwemwe!

Mbalule akhale chete tsopano, utsale mpanje wokha, pakuti pali mawu olemera. Njinga yomweyi imatuluka m'nkhalango m'bandakucha itasenza matumba a makala, atatu, anayi, osanjikizana kuposa mutu wa mwini wake. Bambo wokankhayo sindimunyoza. Akufuna sopo, mchere ndi yunifolomu ya mwana, ndipo ogula makalawo ndi ife tomwe a m'tauni. Koma njira zina zimene ndinkayenda mumthunzi ndili mnyamata, lero ndimayenda dzuwa lili pamutu, zitsa zili mbali zonse ngati manda. Pamene mitengo yatha, mvula imamenya nthaka yamaliseche, madzi amathamangira m'njira, njira n'kusanduka chigwembe. Mtsinje umene unkasunga madzi mpaka Okutobala umaphwa msanga. Bowa amasowa, njuchi zimasamuka. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Apa zodya ife zidzapota adzukulu. Nkhalango ikatha, Chidyamtunda adzadya fumbi lokha, ndipo mlendo wa njinga ya m'mapiri sadzaona chobwerera kuno.

Koma mpanje usalire maliro, pakuti njira ina ilipo ndipo anthu ayamba kale kuiyenda. Ndikutamanda iwe wopachika ming'oma ya njuchi m'mitengo, amene wazindikira kuti mtengo woimirira umabala uchi chaka ndi chaka, pamene wogwetsa umabala thumba limodzi basi. Ndikutamanda iwe mlimi wa COMACO, bungwe lokhala ndi malo ake ku Lundazi, logula mtedza, soya, mpunga ndi uchi kwa alimi osunga chilengedwe, limene alenje ambiri analipatsa mfuti ndi misampha yawo n'kugwira khasu. Ndikutamanda iwe wodzala gliricidia m'mizere ya chimanga, wopatsa nthaka chakudya ndi mayi nkhuni za pafupi. Ndikutamanda iwe mayi woumba mbaula yodya tinthambi tochepa. Ndikutamanda iwe nyakwawa woika malire a nkhalango ya mudzi, wonena kuti apa nkhwangwa isalowe. Katundu wa uchi ndi mtedza nayenso amakwera pakaliyala, ndipo salemera ngati makala. Mbalule abwerere! Ng'oma zonse zilire!

Tindi! Tindi! Tindi-ndi-ndi! Ndisanatule ng'oma ndisiye mawu kwa aliyense. Inu makhansala ndi aphungu, thumba la chitukuko la CDF linakwera mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse. Pokonza misewu ya malole kumbukiraninso timilatho ta m'madambo, pamene mayi wapakati amawolokera usiku. Inu makolo, njinga ya pakhomo musaiyese ya anyamata okha. Mtsikana aphunzire kupalasa, aphunzirenso kumata chigamba. Inu anyamata, njira za kwanu muzidziwe ndi mayina ake, mitengo ndi mitsinje yake, kuti tsiku lofika alendo owatsogolera mudzakhale inu. Inu alendo a zipewa zolimba ndi magiya ambiri, bwerani pakati pa Meyi ndi Ogasiti njira zitauma, mudzayambe mwalonjera mfumu, muchepetse liwiro podutsa pamudzi, mugule nthochi ndi mtedza kwa mayi wa m'mbali mwa njira, ndipo ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Ndi inu nonse a kwa Magodi, a Phiri, a Banda, a Mwale, a Nyirenda, a Zimba, a Ndhlovu: thirani mafuta tcheni, pukutani njinga musanagone, ndipo mvula ya chaka chino ikagwa, aliyense adzale mtengo umodzi m'mbali mwa njira imene amapalasamo.